Malo a Tionge ku Cuamba

Lumo linali litabuntha kale pamene linafika pamutu pa Tionge. Azakhali ake ankangonyowetsa ndi madzi a sopo n'kumapala, tsitsi likugwera pachitenje. Tionge analisunga chaka chathunthu tsitsi limenelo kuti akalowe nalo ku yunivesite. Linali tsiku lachitatu chiikire bambo ake, a Tomasi, tsiku lometa, ndipo pakhomo pawo ku Itepela aliyense wa m'banjamo ankadikira lumo lomwelo.

Atsibweni ake, a Benvindo, sanadikire n'komwe kuti kumetako kuthe. Iwowo ndi munthu woti mawu akawafika pakhosi sameza, kaya ndi pamaliro. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi mlongo wawo Kristina, mayi ake a Tionge, amene anali pamphasa atazolika.

"Mlongo, tisanabalalike tikambe za mwanayu. Fodya wakhwima m'munda, masamba akufiira okha. Wekha sungathyole, sungasoke. Mwanayu akhale akuthandize, fodya akatha abwere ku Mandimba azidzandigwirira m'sitolo. Chipwitikizi amalemba bwino."

"Matirikula atseka Lachisanu," anatero Tionge, mutu uli chiweramire m'manja mwa azakhali. Limenelo linali tsiku lomaliza kulembetsa, ndipo wosafika malo ake ankapatsidwa kwa wina.

"Atseke. Amene amati azikulipirira sukulu ndi amene tawakwirira aja. Kapena iwe waona wina?"

Tionge anayang'ana mayi ake. Iwo anatola kaudzu pamphasa, n'kukathyola pawiri.

Chimene chinkamupweteka Tionge n'chakuti malo amene ankalimbirana ndi atsibweniwo sanali n'komwe a kumtima kwake. Mayeso olowera anakhoza kuwiri, ku yunivesite yaikulu ya ku Nampula ndi ku sukulu ya zaulimi ku Cuamba. Iye mtima wonse unali ku Nampula. Mu Januwale bambo ake anachoka pakhomo masiku asanu ndi limodzi, ati akukaonetsa chifuwa kuchipatala. Anabwerako ataonda, n'kukhala pakhonde kuvula jombo.

"Upita ku Cuamba. Mapepala ako ndasiya konko."

"Mukufuna ndikhale pafupi kuti ndizibwera kudzasoka fodya wanu," anawayankha choncho mwana wawo, maso ali gwa.

A Tomasi anali munthu wouma pakamwa. Tsiku lonse ankatha kulima nawe mzere umodzi osakuuza ngakhale kuti kwatentha. Anamuyang'ana, n'kupitiriza kuvula jombo inayo. Milungu itatu Tionge ankawaikira madzi osamba osawalankhula. Sabata yachinayi anawapeza atagwa m'chigafa, singano yosokera fodya ili m'manja. Mawu omaliza amene anawauza bambo ake anali amenewo, a fodya wanu, ndipo ankamulasa nthawi iliyonse akatseka maso.

Lachinayi m'mawa a Benvindo anati apite limodzi ku Cuamba, iwo akagule katundu wa m'sitolo, Tionge akatenge setifiketi yake ibwerere kumudzi. Mayi ake anamumangira duku lakuda pamutu wometawo, akukoka mfundo mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira. Tionge anadikira kuti anene kanthu, koma anangomukankha pang'ono paphewa kuti azipita.

Chapa, minibasi imene anakwera, chinadzaza mpaka pakhomo kuchokera ku Mandimba. Njira yonse atsibweni ankafotokozera munthu wina zoti ana a masiku ano sukulu imawadya mutu. Tionge anangoyang'ana pawindo, minda ya chimanga ikudutsa.

Mapepalawo a Tomasi sanawasiye ku ofesi ya sukulu ayi. Anawasiya m'nyumba ina ya malata pafupi ndi njanji, mmene munkakhala atsikana khumi ndi awiri a pa sukulupo, onse ochokera kumidzi. Anali ndi gulu lawo, ankaitanana kuti mana, kutanthauza mchemwali, ankaphika mosinthana, ndipo a chaka chachitatu ankaphunzitsa obwera kumene. Anyamata anali ndi nyumba yawo tsidya lina la njanji. Lamulo la atsikanawo linali lakuti mwamuna aliyense amathera pageti, ndiye a Benvindo, ndi ukulu wawo wonse, anapatsidwa mpando pansi pa mtengo.

"Usachedwe, chapa chomaliza sichidikira munthu," anatero ali tsinya.

Mtsogoleri wa nyumbayo anali Natália, mtsikana wamtali wa ku Ngauma, dera la kwawo kwa Tionge konko. Anatuluka akupukuta manja, akumwetulira, koma atangoona dukulo kumwetulira kunathera pomwepo.

"Ndiwe Tionge. Bambo aja?"

Tionge anagwedeza mutu movomereza. Natália anakhala pansi pakhonde.

"Bwanji simunatiimbire, mana? Tinawalonjezatu."

"Munawalonjeza chiyani?"

Natália anamukokera pansi kuti akhale naye, n'kuyamba kufotokoza. Anati bambowo anafika mu Januwale atavala jombo, n'kukhala pansi pa mtengo womwewo. Atsikana ankayesa akugulitsa nyemba. Mmodzi anawapititsira madzi ndi mpando, n'kuwafunsa kumene achokera.

"Anati achokera ku Nampula pa sitima. Anakhala pageti pa yunivesite ija tsiku lathunthu ndi theka. Anati nyumba n'zazikulu, mabuku alipo, aphunzitsi alipo, koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe anawafunsa kuti mwaswera bwanji."

"Bambo anga anapita ku Nampula?"

"Anapita. Kunonso sanatikhulupirire msanga. Mamawa awiri anaima kuseri kwa windo la kalasi kuti aone ngati aphunzitsi amabweradi. Kenako anatisonkhanitsa ife a chaka chachitatu n'kutifunsa chimene chimafooketsa mbande za fodya pa nazale. Tikayankha, ankafunsanso. Thukuta linatituluka, mana, kuposa la mayeso. Atakhutira anati chabwino, pano amaphunzitsadi."

Tionge anafuna kuseka, koma chimene chinatuluka sichinali kuseka. Natália anamugwira dzanja.

"Tsiku lomaliza anatulutsa pepala la kuchipatala. Linali m'Chipwitikizi, ndiye anati ndiwawerengere. Ndinawerenga mpaka pakati n'kuima. Anati pitiriza mwanangu, thupi ndi langa, ndikudziwa kale. Ndinamaliza. Anapinda pepalalo bwinobwino, n'kundiuza kuti ndisauze munthu. Ndiye anafunsa kuti, mnzanu akaferedwa mumatani?"

"Munawayankha chiyani?"

"Zimene timachita. Timapita tonse, timaphika, timagona pasiwa, ndipo pobwerera timabwera naye mnzathuyo kuti asatsalire kumudzi. Anafunsa kawiri. Mumabwera naye? Tinati inde bambo, timabwera naye."

Apa Tionge analira kulira kumene sanalire kumanda. Kumanda kunali manyazi ndi mkwiyo, koma pano panatsala chisoni chokhachokha. Atsikana ena anatuluka m'zipinda mmodzimmodzi n'kukhala momuzungulira. Wina anayamba kumusisita pamsana.

"Tionge, watenga kapena sunatenge?" anakuwa a Benvindo ali pageti.

Natália analowa m'nyumba n'kubwera ndi envelopu yakhaki. Munali setifiketi ija ndi fomu yolembetsera yosalembapo kanthu.

"Ndi zako izi, sitikukaniza. Ukafuna kubwerera ndi atsibweni ako, bwerera. Ofesi itseka mawa masana. Za chakudya ndi zina tidzaona limodzi, sindiwe woyamba kufika pano ndi mutu wometa. Koma usanapite uone chipinda chako."

Kanali kachipinda kakang'ono kumapeto kwa nyumba, bedi limodzi, thebulo ndi mpando. Mwendo umodzi wa bedi unali wa mtengo watsopano, wosemedwa ndi kasemasema. Thebulo linali pamalo achilendo, lopingasa, moti munthu ankachita kulizungulira kuti afike pabedi.

"Mwamuna woyamba kulowa m'nyumba muno ndi bambo ako," anatero Natália. "Anapempha, ndiye tinaphwanya lamulo lathu. Atakonza bedi anabwereka pensulo. Anakhala pathebulopo n'kuigwira kumanzere ngati mwana wophunzira kulemba. Akasuntha thebulo, n'kukhalanso. Akasuntha, n'kukhalanso, uku akutsokomola. Tinawafunsa kuti bambo mukufuna chiyani. Anati mwana wanga amalemba ndi dzanja lamanzere, kuwala kuzimuchokera uku, dzanja lisamamutchingire. Chichokereni iwo sitinalisunthe."

Tionge anayang'ana dzanja lake lamanzere. Ali mwana aphunzitsi ankamumenya dzanja limenelo ndi rula, agogo ake ankamulanda nalo chakudya. Bambo ake sanatchulepo za dzanjalo ngakhale tsiku limodzi, ndipo iye ankayesa kuti sankaona n'komwe.

Anaganiza za mayi ake, okha m'munda, masamba akufiira kuposa mmene manja awiri angathyolere. Ankadziwa kuti fodya wina aolera pamtengo chifukwa cha iye, ndiponso kuti atsibweni akangochoka okha pageti paja, pakhomo pawo pa Mandimba sadzapondapo kwa zaka. Zonsezo anaziona bwinobwino, ndipo palibe chimene chinapepuka.

"Iwe Tionge, ine ndikunyamukatu," anaitananso a Benvindo, mawu atasasa.

Tionge anazungulira thebulo n'kukhala pampando. Anatulutsa fomu ija, anaiwongola ndi chikhatho, n'kutambasulira Natália dzanja lamanzere kuti amupatse cholembera. Dzuwa la masana linkalowa pawindo kuchokera kumanja kwake. Anaweramira pepalalo n'kuyamba kulemba, ndipo mzere wonse unkaoneka, popanda mthunzi.