Kabuleta ya Malemu a Harlan

Lachitatu linakwana galimoto ya malemu achimwene anga a Harlan ikadali m'galaja ya makaniki wathu a Vernon, kabuleta yake ili m'zidutswazidutswa pathebulo. Ukwati wa Jolene, mdzukulu wa a Harlan, unali Loweruka. Asanamwalire, a Harlan anamulonjeza mwanayo kuti adzapita kutchalitchi pa galimoto imeneyi, ndipo alamu anga a Mavis, mkazi wa malemuwo, lonjezolo anandisenzetsa ine.

Kabuleta yake, chosakanizira petulo ndi mpweya mu injini, ndi ija ya mabowo anayi: awiri aang'ono akutsogolo oyendera masiku onse, awiri aakulu akumbuyo otseguka ukaponda mafuta mwamphamvu. Petulo ankadontha chifukwa gasiketi yapakati, kapepala kolimba kotseka mpata pakati pa zitsulo, inali itafumbutuka. Ndinali nditapita kale kutauni kawiri kukagula ina. Yoyamba inali ya chaka cha galimotoyo, 1968. Yachiwiri ya 1969.

A Vernon anaika yachiwiriyo pamalo pake, n'kuyang'ana, n'kuichotsa.

"A Dell, kodi kusitoloko mumangoloza ndi chala mutatsinzina?"

"Si ndinu munati 69?"

"Ndinati mwina! Onani apa. Kabowo aka kali kumanzere, ka pagasiketi kali kumanja. Zinthu izi ankazisintha chaka ndi chaka, nthawi zina pakati pa chaka penipeni. Ya lole yosiyana, ya galimoto ya magiya amanja yosiyana, yopita ku California yosiyananso. Kunja nkhope imodzimodzi."

"Ndiye iyi ndi ya chaka chanji?"

"Akanatiuza ndi kachitsulo ka nambala kamene kamakhala pabawuti iyi. Achimwene anu anakachotsa. Alimi nonse muli choncho, mukamasula chinthu mumati kameneka n'kachabe, n'kukataya m'udzu."

Zoonadi, inenso ndatayapo tambiri.

Lachinayi ndinasanthula m'chigafa cha fodya cha a Harlan. Ndinakhuthula zitini za misomali, ndinasesa pansi pa thebulo, mpaka kukwera pamitanda. Ndinapeza makiyi a geti imene inagwa kalekale. Masana ndinalowa m'nyumba fumbi lili thupi lonse, alamu n'kundiikira nyemba ndi buledi wa chimanga.

"Alamu, mukusaka chiyani chomwe simungandifunse?"

Ndinafotokoza. A Mavis anadzuka, n'kubwera ndi chitini cha mabatani.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikupisa m'matumba mwa bambo aja ndisanachape. Sankhani nokha."

Kachitsuloko kanali pansi, pakati pa mabatani a malaya. Ndinasiya nyemba n'kuthamangira kwa a Vernon.

Anatsegula buku lawo lakuda ndi girisi, chala chikutsika pamzere. Kenako anavula magalasi.

"Kabuletayi ndi ya lole, ya 1974. A Harlan anasinthanitsa ndi munthu, osauza aliyense."

Anaimba foni kutauni. Anaimba kumzinda wa Lexington. Kulikonse yankho linali limodzi: ifika Lolemba.

"Lolemba Jolene adzakhala ali mai a kunyumba kwa eni ake," ndinatero.

"Musandikalipire ine. Kakalipireni kumanda."

Kenako a Vernon anatenga pepala lolimba lodulira magasiketi n'kuyalapo zidutswa za yakale ija. Mbali yakutsogolo inkaonekabe bwino, anailemberera n'kuboola. Yakumbuyo inali itasanduka ufa.

"Kumbuyoku sindilota. Ndikaboola polakwika, petulo asefukira pa injini yotentha, mkwatibwi ali m'kati. Ndikutseka."

Anamanga zitseko za mabowo aakuluwo ndi waya. Ndinayang'ana kumbali. Mabowo amenewo ndi amene a Harlan ankanyadira. Akawatsegula pa chitunda cha kutchalitchi, agalu onse a m'chigwa ankauwa.

Loweruka injini inalira bwinobwino, osadontha. Jolene anakhala kumbuyo ndi agogo ake, diresi litadzaza mpando wonse. Pachitunda paja ndinaponda mafuta mpaka pansi, koma galimoto inangokwera mwaulemu ngati ikupita kumaliro. Maluwa a m'mbali mwa msewu tinkawerenga limodzilimodzi, ndipo Cletus woyandikana nafe anatipitirira ndi kalole kake ka udzu, akuimba hutala.

"Agogo aamuna akanatukwana," anatero Jolene, akuseka, misozi ili m'masaya.

"Akutukwana kumene," anatero a Mavis. "Alamu, yang'anani kutsogolo. Tifika."

Tinafika belu litasiya kale kulira. Gasiketi ija inabwera Lolemba, ndipo inakwana ndendende.