Womasulira wa Abambo

Amayi ankapesa tsitsi la amuna awo pabalaza, uku ana awo awiri akukangana pakhomo ngati m'nyumbamo munalibe wodwala.

Chidwalireni sitiroko, abambo sankathanso kuyankhula. Pakamwa pawo pankangotuluka timawu toduladula, nthawi zina tambiri tondondozana, maso ali kudenga. Mwana wawo wamkazi, amene onse ankangomutcha Mzime poti ndiye womaliza, ankapemphera ku mpingo wa magitala ndi kuwomba m'manja. Iye atamva timawuto anagwada n'kulira, amvekere abambo alandira mphatso ya malilime. Mchimwene wake, mkulu wa mpingo ku tchalitchi chakale cha banjalo, anakana kwamtuwagalu. Uyu abale ankamutcha a Vesi, chifukwa ngakhale popempha mchere ankayamba watchula kaye chaputala.

Tsikulo linali Lamulungu, ndipo aliyense anabwera kudzatenga abambo kuti apite nawo kutchalitchi kwake. A Vesi ndiwo anafika msanga, ndipo anawaveka okha jekete ndi tayi.

"Malilime anatha ndi atumwi," anatero a Vesi. "Malemba atakwanira, zizindikiro zinalekera pomwepo."

"Ndiye kuti Mzimu Woyera anapuma pantchito, achimwene?" anayankha Mzime. "Akulandira penshoni?"

"Usasewere ndi zinthu zoyera iwe. Ukawatengera abambo kuphokoso kwanuko, ine ndi iwe chibale chatha. Pakhomo panga usadzapondenso."

Amayi mtima unawawa. Za mphatso sankadziwa bwino kuti wolondola ndani, ndipo sizinkawasowetsa tulo. Chimene ankaopa n'chakuti mwamuna anali atawathera kale theka, tsopano ana nawonso agawikane iwo akuona.

Pamenepo abambo anayamba. "Masu... masu... masul..." Thukuta linali kamukamu pachipumi, dzanja lawo limodzi lomwe linatsala lamoyo likugunda pachifuwa.

Mzime anathamanga n'kugwada pafupi ndi mpando wawo. "Mwamva? Akuti masulirani! Woyankhula malilime amafuna womasulira, si mmene zinalembedwera? Ambuye, tipatseni kumasulira!"

"Ukuwerenga chozondoka," anatero a Vesi, chala chili kale pamalovu kufunafuna tsamba m'Baibulo.

Amayi sanayang'ane buku kapena kudenga. Anayang'ana dzanja lija, ndipo anaona kuti zala zikukwawira kukhosi. Anaika chipeso pansi, anamasula tayi, n'kutsegula batani la kolala. Abambo anapuma mpweya wautali, mapewa n'kugwa.

"Eee," anatero abambo, momveka bwino lomwe.

A Vesi anaphulika nako kuseka. "Malilime ako aja ndi amenewa? Munthu akuti masulani, iwe wamva masulirani!"

"Nanga tayiyo anamanga ndani?" anafunsa amayi mosakweza mawu.

Kuseka kunathera m'kamwa. Mzime naye anadzuka pang'onopang'ono, akusasa fumbi lomwe panalibe pamawondo.

"Khalani pansi nonse," anatero amayi. "Kaya mphatsozo zinatha, kaya zilipobe, ine sindidziwa. Mulungu sanandiitaneko pogawa. Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo anuwa akuyankhula, koma ana awo sakuwamva. Wina akumva angelo, wina akumva phokoso. Ine ndakalamba. Ndikagona tsiku lina osadzuka, adzatsamwa ali pakati pa anthu awiri opemphera."

"Amayi, musayankhule choncho," anatero Mzime, misozi ili lengelenge.

"Ndayankhula kale. Lero bambo anu kutchalitchi sapita, kwanu kapena kwanu. Mukhala nawo pano. Wofuna kuwerenga awerenge, wofuna kupemphera apemphere mmene amadziwira, koma motsitsa. Akayankhula, muziwayang'ana manja ndi maso. Ine musandiitane."

Atatero anatenga beseni la zovala n'kutulukira kuseri, koma zenera la pabalaza analisiya lotsegula.

Amayi anayamba kuchapa, khutu lili kuzenera. Kenaka anamva a Vesi akuwerenga, mawu ali pansi ngati munthu wobwereka pakamwa. Atamaliza, Mzime anapemphera monong'ona, ndipo mchimwene wake sanamudule.

Dzuwa litakwera, abambo anayambanso timawu tawo. Amayi anasiya kuchapa, manja ali thovu lokhalokha. Anamva kapu ikugunda patebulo: madzi akanidwa. Anamva pilo akugwa pansi: nayenso wakanidwa. Wailesi inalira pang'ono n'kuzimitsidwa. Timawu tija tinkangokwera, ndipo miyendo ya amayi inkafuna kuthamangira m'nyumba yokha.

Kenaka anamva mawu a mwana wawo wamwamuna, ofatsa ngati mmene ankayankhulira ali wamng'ono.

"Mlongo, tabwera kuno. Iwe ukumva kuti akuti chiyani?"

"Inenso sindikumva, achimwene. Tasunthani ndikhale, tiwafunse bwinobwino."

Mpando unakokedwa. Amayi anapukuta maso ndi mkono, n'kubwezera manja m'madzi.