Kachubu ka Selestina

Maso a Selestina anayamba kuchita chikasu mu Novembala, mvula isanagwe. Selestina ndi mlongo wanga wamng'ono, ndipo amalima mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje. Poyamba anthu anati ndi chikasu wamba, adye nzimbe zambiri. Kenaka thupi linayamba kuyabwa. Ankadzikanda ndi chitsononkho mpaka miyendo kutuluka magazi, chakudya n'kumukana.

Ku chipatala cha pa boma anatitumiza ku Lilongwe kuti akamujambule. Ndinapita naye pamodzi ndi mwamuna wake, alamu anga a Dyton. Zotsatira zitatuluka, a Dyton anapempha dokotala kuti auze ife awiri tokha. Ndi mmene timachitira kwathu: wodwala sauzidwa dzina la matenda aakulu, kuopa kuti angataye mtima. Dokotalayo anazengereza, koma anatiuza. Pa kapamba panali chotupa cha khansa, ndipo chinali chitafinya njira imene ndulu imadutsamo kuchoka kuchiwindi kupita m'matumbo. Kuchichotsa kunali kosatheka. Chimene akanatha n'kulowetsa kachubu kudzera pakamwa, osang'amba pamimba, kuti kakatsegule njirayo. Anati khansa siitha, koma chikasu chitha, kuyabwa kuleka, ndipo ayambanso kudya. Katswiri woika timachubuto ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ulendo wotsatira unali Lachinayi, patatha masabata awiri. Anawonjeza kuti pepala lovomereza adzasayine ndi mwiniwake, atamva zonse.

Titabwerera ku Bwanje, a Dyton anauza mkazi wawo kuti ndi chikasu basi. Selestina anati ngati ndi chikasu basi, ku Lilongwe sabwererako. Mbande zake za mpunga zinali zitakwana kuwokera, madzi a ku buloko yake anali oti atsegulidwe Lachinayi lomwelo, ndipo komiti ya sikimu inkalanda puloti imene yagona. Anati palibe munthu wanzeru amene angameze paipi chifukwa cha nthenda yochizika ndi nzimbe. Bodza limene ankatigonjetsa nalolo tinali titalikonza tokha.

Lamlungu a Dyton anabwera kwanga ku boma. Anati ine monga mwini mbumba ndingomulamula Selestina, kapena ndimuuze kuti kachubuko kamuchiza. Anandichenjeza kuti ndikatchula dzina la matendawo, ndiye kuti ndamukumbira manda ndekha. Sindinakangane nawo. Ndinawathira tiyi, n'kuwaperekeza pokwerera minibasi.

Mkazi wanga Lufina anamwalira mu 2011, nayenso ndi khansa. Ndinamuuza kuti ndi zilonda za m'mimba. Miyezi inayi imene anali ndi mphamvu zoyenda anaithera kudikira kuti achire kaye, ndiye akaone mayi ake ku Champiti. Sanapiteko. Nkhani imeneyi sindiikamba kawirikawiri.

Lolemba m'mawa ndinatsetsereka ku Bwanje pa njinga. Kunkatentha kale. Selestina ndinamupeza atakhala m'mbali mwa ngalande, mapazi ali m'matope kuti kuyabwa kuchepe, akuyang'ana nazale yake. Ndinakhala pambali pake, chipewa chili pa bondo.

"Selestina, si chikasu chokha ayi. Ndi khansa. Ili pa kapamba."

Anakanda mkono pang'onopang'ono.

"N'chifukwa chake a Dyton andiphera nkhuku ziwiri sabata imodzi," anatero. "Munthu amene amawerenga mazira."

Kenaka anafunsa ngati kachubuko kachiza. Ndinati ayi. Ndinamukumbutsa pamene mizu ya mtengo inafinya ngalande ya ku buloko yachitatu, ndili mlangizi pa sikimupo. Mtengowo sitinauzule, tinangodutsitsa paipi, madzi n'kuyambanso kuyenda. Anafunsa kuti watsala ndi nthawi yaitali bwanji. Ndinati dokotala sanatchule tsiku, koma ankakamba za miyezi.

"Achimwene, mukanandiuza ku Lilongwe komwe kuja. Mwandidyera masabata awiri."

Ndinavomera kuti ndinalakwa.

Sanalire, ndipo ndinayamikira mumtima. Anatulutsa mapazi m'matope n'kuyamba kugawa ntchito. Ine ndipite kwa mayi Lukia, a pa golosale ya pamsewu, amene puloti yawo inali mbali imene madzi amafika Lachiwiri, ndikawapemphe kuti akalankhule ndi wotsegula madzi asinthane masiku. Tisungane, mwana wa Selestina, akaitane amayi a mphakati wa kutchalitchi adzawokere mawa lomwe. Za a Dyton anati ndizisiye, alankhula nawo yekha.

Lachiwiri amayi khumi ndi awiri anawokera puloti yonse dzuwa lisanafike pamutu, Selestina atakhala pa mpando pansi pa ambulera, akudzudzula mizere yokhota. Lachitatu tinakwera minibasi ya ku Lilongwe. A Dyton anakhala kutsogolo, osandiyankhula ulendo wonse.

Lachinayi dokotala anafotokoza zonse pamaso pa Selestina: kuti mwina kachubuko kangakanike kulowa, kuti pangabwere kutentha thupi, ndiponso kuti pakapita miyezi kamatha kutsekeka. Selestina anafunsa mafunso atatu, n'kusayina dzina lake lonse mosathamanga. Anakhala m'chipinda choikira kachubuko ola limodzi ndi theka. Kachubu kanalowa.

Patatha sabata anasiya kudzikanda. Patatha masabata awiri maso anayamba kuyera, ndipo anapempha usipa wa tomato. Kuonda sikunasiye.

Tsiku loyamba limene anatha kukhala pa kabaza, anandiitana kuti ndimuperekeze ku ofesi ya komiti ya sikimu. Anakawauza kuti puloti yake ilembedwe m'dzina la Tisungane iye akadali moyo, kuti pasadzakhale milandu. Mlembi anayamba kunena kuti musafulumire mayi, muchira. Selestina anamuuza kuti atenge cholembera.

A Dyton anasayina ngati mboni, kenaka anandipatsira cholemberacho.

"Sayinani apa, alamu," anatero. Anali mawu awo oyamba kwa ine chichokereni Lamlungu lija.

Potuluka Selestina anakana kukwera kabaza. Anati tidzere ku puloti wapansi, akaone ngati amayi aja anatsekera bwino madzi kumapeto kwa mzere.