Loko wa Kunja pa Geti la Amake Thandi

Amake Thandi anatsika basi yochokera kumsika wa Soweto dzuwa lili paliwombo, thumba la anyezi lili kumutu. Mwezi wa Okutobala nthaka ya m'komboni ya Chawama imawotcha ngati mbaula. Anafika pakhomo pawo, namasula kiyi pamfundo ya chitenje, natsegula loko. Atakankha geti, thumba lija linagwa pansi.

Amuna awo, Ba Chabwera, anali thapsa pakati pa bwalo, tsaya lili m'fumbi, ndodo yawo ili uko. Milomo inali itauma, yoyera ngati phulusa. Chiwagwirireni sitiroko chaka chatha, dzanja limodzi lokha ndi limene linkagwira ntchito, ndipo m'dzanja limenelo munali mwala. Miyala ina inali mbwee kunsi kwa geti. Munthuyo anakhala akugenda geti kuti wina amumve.

"Mayo ine! Banthu imwe, bwerani!"

Woyamba kufika anali Ba Kunda, wosoka nsapato tsidya la njira. Ananyamula Ba Chabwera pa wilibala mpaka ku kiliniki. Nesi anawaika madzi a m'mitsempha, kenako anayang'ana Amake Thandi osaseka.

"Amai, ola limodzi chabe, sembe manje mumanga tenti ya maliro."

Ba Chabwera anapulumuka. Koma m'mawa mwake Amake Thandi anawoloka njira, manja m'chiuno.

"Imwe ba Kunda! Tsiku lonse muli pano kununkhiza nsapato za banthu. Munthu afa pafupi na imwe, simumva? Makutu munasoka pamodzi na nsapato?"

Ba Kunda anaika pansi singano. "Ninamva, mayo. Geti inalira kambiri. Ninanyamuka, ninafika mpaka apo. Napeza loko kunja. Manje muno mu komboni loko kunja ikamba chani? Ikamba kuti beni bake bachoka. Nati kapena ni bana bagenda. Nabwerera."

"Simunasuzumire?"

"Nisuzumire pati? Pamwamba mabotolo, pageti palibe na kabowo ka nyerere."

Amake Thandi anatembenuka, nayang'ana mpanda wawo. Mpandawo anamangitsa okha. Zaka ziwiri zapitazo akawalala anawabera mapoto ndi mabulangete a pachingwe, ndipo iwo analumbira kuti sizidzachitikanso. Anakweza mabuloko kupitirira mutu wa munthu, pamwamba namata mabotolo osweka, geti lakuda bii. Ngakhale khonde analitseka, nalisandutsa mosungiramo matumba. Akamapita ku Soweto, ankatseka loko kunja, amuna awo ali mkati. Ankati akuwateteza.

Masiku atatu sanapite kumsika. Tomato wamalonda amene anali naye anayamba kuchucha madzi, ndiwo m'nyumba zinatha. Mwana wawo Thandi ali pabanja ku Chilenje, ndipo ali ndi khanda, sakanabwera kudzalonda atate ake. Akasiya geti lotsegula, akawalala. Akatseka, amuna awo. Mutu unkawazungulira.

Tsiku lachinayi anamva mwala ukugogoda pachitsulo. Anali Ba Petronella, mnzawo wa kutchalitchi, amene amajambula mapulani a nyumba ndipo ali mu komiti yachitukuko ya m'deralo.

"Nagogoda mpaka dzanja yalema," anatero Ba Petronella. "Bali bwanji bodwala?"

"Baliko. Ngati mwabwera kunizuzula, ba Kunda bachita kale."

"Awe. Bwerani kuno panja, muime mu njira na ine."

"Nili na nchito."

"Nchito yanji? Tomato yaola. Bwerani."

Anatuluka akung'ung'udza. Ba Petronella anawatembenuza kuti ayang'ane nyumba yawo yomwe.

"Tiyerekeze ndimwe mlendo. Iyi nyumba ikuuzani chani?"

"Nyumba ilibe pakamwa, ba Petronella. Ivo va kusukulu kwanu musanibweretsere."

"Ilibe pakamwa koma ba Kunda banaimva. Mabotolo aja akamba kuti ukakwera nizakucheka. Geti ikamba kuti usayang'ane. Loko ikamba kuti kulibe munthu. Ba Kunda banamvera nyumba yanu, ndiye chifukwa banabwerera."

"Nanga kawalala? Si ndiye nifuna amve?"

"Kawalala amamva vina. Amamva kuti nikalumpha chabe, palibe azaniona, nizasankha mapoto modekha."

Minibasi inadutsa kumsewu, kondakitala akukuwa. Ba Petronella analoza nyumba zina za mumzerewo. Pena panali mayi akusenda mbatata pakhonde, akulankhula ndi wodutsa. Pena mpanda unali wofika m'chiuno, ana akuoneka akusewera mkati.

"Onani. Pakati pa njira na chitseko pamafunika malo. Si panja, si mukati. Ni pamene munthu amaima nokamba odi, pamene mwini nyumba amaoneka koma ali pake. Imwe malo aja munapha. Kwanu kuli njira, basi chitsulo, basi mdima. Ba Chabwera banagwa mapazi asanu kuchoka pamene banthu bapita, koma zinali monga bagwera kutali uko ku Chunga."

Mawu amenewo anawalasa Amake Thandi.

"Manje mufuna nigwetse mpanda wanga? Simenti ija munanigulira ndimwe?"

"Osati wonse. Kutsogolo chabe. Tichotse mizere isanu ya mabuloko."

"Isanu! Umodzi."

"Umodzi ni kumeta chabe. Isanu."

"Iwiri, na mabotolo asale."

"Amake Thandi, iyi ni nyumba, si tomato."

"Vonse ni tomato. Itatu. Napereka, musanivute."

Ba Petronella anaseka, napita kukaima pampanda, nayeza ndi dzanja pachifuwa pawo. "Inayi. Munthu opita aziona mutu wa munthu ali pakhonde. Ngati muopa, pamwamba tiike mzere wa mabuloko a mabowo. Maso apita, mphepo ipita, munthu sapita."

Amake Thandi anayang'ana mpanda, nayang'ana zenera la chipinda chimene amuna awo anagona. "Inayi. Koma kumbuyo musakhudze. Uko kulibe maso a munthu, kuli chabe ngalande."

"Uko mwakamba zoona, kusale. Manje khonde. Titsegule."

"Matumba anga?"

"Pansi pa bedi. Matumba safuna mphepo, ba Chabwera ndiye baifuna. Sitepe ija tiisandutse kotsetsereka, ndodo isazikodwa. Pageti tiboole kazenera. Loko kunja muleke. Muike chotsekera chamene dzanja imodzi ingatsegule, ndipo kiyi ina musiye kwa ba Kunda."

"Kiyi yanga kwa mwamuna wa mwini? Mufuna Chawama yonse inikambe?"

"Pasani bakazi bawo."

"Hmm. Uja ali na pakamwa, koma si kawalala."

Loweruka anabwera mmisiri. Amake Thandi anaima pambali pake tsiku lonse, akuwerenga mizere kuti asachotse wachisanu. Buloko lililonse likatsika, mtima wawo unkatsika nalo. Ankaona ngati akuvulidwa pagulu. Mabuloko ochotsedwawo sanatayidwe: ena anamangira benchi pakhonde, ena anathira pansi popanga kotsetsereka. Pofika madzulo nyumba inaoneka nkhope. Chitseko chobiriwira chimene anthu anali atachiiwala chinaonekeranso kunjira.

Lolemba anakhazika amuna awo pakhonde, pamthunzi, botolo la madzi pambali. Anakoka geti osaika loko. Anayenda pang'ono, nabwerera, nayang'ananso.

"Pitani, mayo!" anakuwa Ba Kunda. "Basi izakusiyani. Tili pano."

"Mukagona, nizakusokani pakamwa na singano yanu yomweyo."

Ku Soweto tsiku limenelo sanakangane ndi aliyense pa mtengo, mpaka wogulitsa anyezi anawafunsa ngati akudwala. Maso anali pa foni. Itangokwana leveni, foni inalira. Anali Ba Kunda.

"Amake Thandi, ba Chabwera bagwa."

Amake Thandi anagwira thebulo la mwini. "Bali moyo? Kambani, imwe!"

"Mverani, mayo, mulekeko kukuwa..."

Sanamvere. Anasiya thumba pomwepo, nathamangira basi. Ulendo wonse pamsewu wa Kafue ankaona milomo yoyera ija, ndi mwala uja m'dzanja. Basi ikaima kutenga munthu, ankamenya chitseko. "Tiye iwe, si ukwati uyu!"

Anatsika akuthamanga, chitenje chili m'manja. Asanafike n'komwe pageti, anaona pamwamba pa mpanda mitu iwiri pakhonde. Umodzi unali wa imvi.

Ba Chabwera anali pabenchi, bondo lomangidwa kansalu. Pakati pa iwo ndi Ba Kunda panali bolodi la dirafuti ndi zitsekerero za mabotolo. Nsapato za makasitomala zinali pansi, Ba Kunda atasamutsira ntchito yawo pomwepo.

"Sembe munamvera foni," anatero Ba Kunda. "Benze kuyenda ku chimbuzi, ndodo yaterera. Mai ogulitsa malasha anaona pa mabowo, akuwa. Bakazi banga, ine, na bena babiri, tabanyamula fumbi ikalibe kukhala pansi. Bondo chabe ndiye yakalika."

Amake Thandi anakhala pansi pakhonde, mpweya uli wefuwefu. Anagwira phazi la amuna awo. Ba Chabwera, amene kwa miyezi yambiri ankangoti "ee" ndi "iyayi", anakweza dzanja labwino lija, naloza Ba Kunda. Pakamwa panavutika, koma mawu anatuluka.

"Uyu... akuba... dirafuti."

"Mwaona?" anatero Ba Kunda. "Tabapulumutsa, manje batitukwana!"

Amake Thandi anaseka misozi ikutsika. Kenako anapukuta m'maso ndi chitenje msangamsanga, kuti anthu asazolowere.

Patapita masiku, mnyamata wina wachilendo anaima pageti, akuyang'ana zovala za pachingwe. Mawu atatu anamufunsa nthawi imodzi, "Mufuna ndani?" Anachoka osayankha. Ba Petronella atamva nkhaniyo anati, "Nanga mzere wachisanu uja?" Amake Thandi anati, "Inayi tinapangana. Musayambe."

Loko uja tsopano amatseka bokosi la ziwiya. Ndipo mayi aliyense amene wayamba kuunjika mabuloko pakhomo, Amake Thandi amamuimitsa panjira, osamunyengerera.

Zimene amanena ndi izi, ndipo ndi zoona. Nyumba imauza anthu zochita. Musanamange mpanda kapena kutseka khonde, tulukani muime panjira, muone chimene nyumba yanu ikuuza wodutsa. Siyani malo pakati pa njira ndi chitseko pamene munthu angaoneke, angapatsidwe moni, angathandizidwe. Funsani odziwa za mapulani kapena a komiti ya m'dera lanu musanagule simenti. Ndipo musatseke loko kunja muli munthu mkati, kaya ndi wodwala, nkhalamba kapena mwana. Mpanda umene ukubisani kwa akawalala ukubisaninso kwa anthu amene angakupulumutseni.