Dimba la Rabeca ndi Mnzake wa Deputado

"Ine ndi deputado wathu, phungu wa ku nyumba ya malamulo uja, tinavinidwa jando limodzi. Simba limodzi! Akafika ku Insaca, sayamba kaye kwa akuluakulu a boma asanandione ine."

Anali a Osvaldo amenewo, pasiteshoni ya Entre Lagos. Ankalankhula ndi munthu mmodzi, koma mawu anawakweza kuti akwanire siteshoni yonse. Che Umaru, amene ankagulitsa nsomba zouma chapafupi, anatsokomola pang'ono n'kupitiriza kuingitsa ntchentche. Augusto sanatsokomole. Iye anamva zonse.

Augusto ndi mkazi wake Rabeca anathawa nkhondo n'kukakhala ku Malawi zaka zisanu ndi zitatu. Mtendere utabwera, anabwerera kwawo kutsidya kwa malire, kufupi ndi nyanja ya Chiuta, mu 1994. Nyumba anaipeza itasanduka chulu. Chimene chinatsala ndi dimba la mpunga la mayi ake a Rabeca, amene anamwalirira ku Malawi komweko. Awiriwa anazula bango, anakonza mizere, ndipo kwa zaka zinayi dimbalo linawadyetsa pamodzi ndi mwana wawo Zodiwa.

Chaka cha 1998, mvula itatsala pang'ono kuyamba, anadzuka tsiku lina n'kupeza zikhomo zopaka penti yofiira zitazungulira dimba lonse. Anazikhoma ndi a Osvaldo, amalonda a mpunga, amene ankafuna kulima okha mbali yonse ya dambolo. Anatulutsa pepala la Chipwitikizi lokhala ndi karimbo, chidindo chachikulu cha buluu.

"Ku Maputo kwadutsa lamulo latsopano," anatero. "Malo ndi a munthu amene ali ndi pepala. Mnzanga deputado uja ndiye anakweza dzanja koyamba. Inu pepala lanu lili kuti?"

Augusto anaphunzira kuwerenga ku Malawi. Chichewa ankawerenga bwino, koma Chipwitikizi chinkamuyang'ana ngati mlendo. Papepala lonselo anangomva karimboyo.

Atabwerako kusiteshoni tsiku lija, anakhala pakhonde osavula n'komwe nsapato.

"Mayi ake Zodiwa, tiyeni tizimanga katundu. Ku Malawi kumaesiteti a fodya akulemba anthu. Munthu amene amadya ndi deputado sitingalimbane naye."

Rabeca ankapeta mpunga wa mbewu. Sanasiye.

"Ndinawoloka malire aja kawiri," anayankha. "Kachitatu mukawoloka nokha. Ndiye mbewu iyi ndiidzale pamutu panu?"

Ali mkati mokangana, Che Umaru anafika akukankha njinga, dengu lopanda kanthu lili kumbuyo. Iwo ndi msodzi wachikulire wa m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, ndipo nkhondo yonse sanachoke. Anapempha madzi akumwa, namwa pang'onopang'ono ngati alibe nkhani.

"Ndamva pawailesi kuti Lachinayi kukubwera deputado ku posto, kuofesi ya boma ya dera lathu lino," anatero. "Msonkhano wa aliyense, pabwalo la sukulu."

"Ndi mnzawo wa a Osvaldo ameneyo," anatero Augusto. "Tikatani? Kapena tinyamule tambala? Kumene tinali kuja, munthu ukamapita kwa phungu umakapempha malata kapena bokosi la maliro. Ndipo umadzera mwa munthu amene amamudziwa."

"Tambala musiyeni azikudzutsani," anatero Che Umaru. "Chaka chija cha chisankho, chala munanyika mu inki?"

"Tinanyika."

"Ndiye ntchito munamulemba ndinu. Munthu amene mwamulemba ntchito mumadzera mwa wina kuti mumufunse mmene walimira? Musapite kukapempha kanthu. Pitani mukafunse. Lamulo limenelo likuti chiyani? Iyeyo anayankhula zotani, ndipo anavota bwanji? Zimenezo si zachinsinsi, zimalembedwa."

"Nanga akatinyoza pagulu?" anafunsa Augusto.

"Ngati n'kunyozedwa, zikhomo zofiira zija zakunyozani kale," anatero Rabeca. "Che Umaru, Lachinayi mutidzere."

Lachinayi kunatentha kuyambira m'mawa. Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango pabwalo la sukulu. A Osvaldo anafika atavala jekete yakuda ya nyengo yozizira, nakhala pabenchi yakutsogolo, pamene panali pa aphunzitsi. Thukuta linkatsika, koma jekete sinavulidwe.

Galimoto itafika, munatsika anthu atatu. Mkulu wa posto anaimirira n'kunena kuti: "Abale, landirani mmodzi wa madeputado a chigawo chathu cha Niassa, mayi Adelaide."

Anaimirira mayi wamfupi, wovala chitenje ndi nsapato za fumbi, chikwama cha mapepala chili m'khwapa.

Kenako mitu inayamba kutembenukira kubenchi yakutsogolo, umodzi umodzi. Kumbuyo kunamveka mawu a mayi wina wogulitsa zitumbuwa:

"A Osvaldo, jando la kwanu limavinira ndi amayi omwe?"

Anthu anaseka mpaka ana ena anagwa pamizu ya mango. A Osvaldo anaimirira n'kukonza kolala.

"Wanga ndi wina," anatero. "Si ameneyu."

Mayi Adelaide atafotokozeredwa chimene chinkaseketsa anthu, sanaseke. Anafunsa mwaulemu:

"N'zotheka, bambo. Ku Niassa tilipo oposa khumi, ndipo tonse timaimira chigawo chonse. Ndimakhala nawo m'nyumba imodzi ya malamulo. Mnzanuyo dzina lake ndani? Ndikamupatse moni."

A Osvaldo anayang'ana kumwamba, kumene kunali mango osapsa. Ananena kuti dzina la kusimba silitchulidwa pagulu, nakhala pansi.

Mayi Adelaide analankhula mwachidule. Anati Asembleya, nyumba ya malamulo ya ku Maputo, ikapuma, iwo amayenda m'maboma kudzafotokoza zimene achita ndi kumva za anthu. Kenako anapempha mafunso. Amuna anayang'anizana. Augusto anayang'ana zala zake. Rabeca anaimirira.

"Ine ndine Rabeca, wa kudambo. Sindinabwere kudzapempha. Ndikufuna ndidziwe. Tsiku limene lamulo la malo linkadutsa, inu munakweza dzanja kuti chiyani? Chifukwa ife tauzidwa kuti munavota zoti wopanda pepala achoke. Ine pepala ndilibe. Pothawa nkhondo ndinanyamula mwana ndi poto."

"Mwafunsa bwino, mayi," anayankha deputadoyo. "Lamulo la malo linadutsa chaka chatha, ndipo ine ndinavota kuti inde. Pokambirana ndinaima kumbali ya amene ankati umboni wapakamwa uzilandiridwa, chifukwa ndikudziwa kuti nkhondo inatentha mapepala, ndipo ambiri sanakhalepo nawo n'komwe. Koma musangokhulupirira pakamwa panga. Zimene timalankhula mu Asembleya zimalembedwa, ndipo lamulolo ndi ili. Pali mphunzitsi pano?"

Anatulutsa kabuku m'chikwama n'kupatsa aphunzitsi a Bernardo, amene anali ataima chifukwa malo awo anali atakhalidwa. Iwo anawerenga m'Chipwitikizi n'kumamasulira m'Chinyanja, mzere ndi mzere. Dziko ndi la boma, siligulitsidwa. Munthu amene akulima malo motsata mwambo wa kwawo ali ndi ufulu pamalowo ngakhale alibe pepala. Mwamuna ndi mkazi ufulu wawo ndi umodzi. Umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi, ndi umboni wokwanira. Ndipo munthu akapempha malo kuboma, anthu a m'deralo ayenera kufunsidwa kaye ngati malowo alibe mwini.

"Bwerezani pamene pakuti ngakhale alibe pepala," anatero Augusto, amene mawu anali atamubwerera.

A Bernardo anabwereza.

"Nanga pepala la karimbo lija?" anafunsa Rabeca.

Anthu anapempha a Osvaldo kuti alitulutse. Analitulutsa pang'onopang'ono, ngati munthu wochotsa minga kuphazi. A Bernardo analiwerenga mokweza. Inali kalata imene a Osvaldo analemba okha yopempha malo. Karimboyo inkangonena kuti kalatayo yalandiridwa pa tsiku lakuti. Yankho linali lisanabwere, ndipo panalibe amene anali atafunsa anthu a kudambo.

Rabeca anapumira m'mwamba. "Ndiye mayi, auzeni achotse zikhomo zawo."

"Pamenepo ayi," anatero mayi Adelaide. "Ine si woweruza. Ntchito yanga ndi kupanga malamulo, kuyang'anira boma, ndi kubwera kuno kudzamva ngati malamulowo akugwira ntchito. Ndikayamba kugawa minda ndi pakamwa panga, mawa wina adzabwera kudzakulandani ndi pakamwa pake. Pitani kwa mkulu wa posto ndi akuluakulu a mudzi wanu, mutenge mboni zimene zikudziwa malire. Kabukuka ndikasiya ku posto kuti aliyense azikawerengetsa. Zikavuta, mundilembere, m'Chinyanja momwemo."

Anthu anawomba m'manja. Koma funso la Rabeca linali litatsegula pakamwa pa ena. Che Umaru anakweza dzanja.

"Nanga msewu wa kunyanja, mayi? Nsomba zimaolera panjira nthawi ya mvula. Pa ndondomeko ya ntchito za boma munavota bwanji?"

Mayi Adelaide anayankha kuti:

"Msewuwo ndinaupempha, koma sunalowe. Ndondomekoyo ndinaivotera choncho, chifukwa munali zipatala ndi masukulu. Ndidzaupemphanso. Sindikulonjezani kuti utheka."

Apa manja sanawombedwe. Kunamveka kung'ung'udza.

"Tamva," anatero Che Umaru. "Mukadzabweranso tidzafunsanso."

"Mudzafunse," anayankha mayiyo. "Ndipo chaka chamawa kuli chisankho. Mudzakumbukire zonse ziwiri, lamulo la malo ndi msewu womwe."

Patapita masiku asanu ndi anayi, anthu anasonkhana kudimba m'mawa. Panali mlembi wa ku posto, akuluakulu a mudzi, Che Umaru, ndi amayi awiri okalamba amene ankalima moyandikana ndi mayi ake a Rabeca nkhondo isanayambe. Anayenda malire onse wapansi.

"Kuyambira pachulu ichi mpaka pamgwalangwa uwo," anatero Che Umaru. "Ndinkaima pompano kusinthanitsa nsomba ndi mpunga. Mayi ake a mwanayu ankandinyenga muyeso chaka chilichonse, ndiye sindingaiwale."

Amayi okalamba aja anavomereza malirewo. Za muyeso anati Che Umaru ndi amene ankabweretsa nsomba zazing'ono. Mlembi analemba za malire zokha.

Atamaliza, anafunsa a Osvaldo ngati ali ndi mboni. Anati mboni zawo zili kutali. Atafunsidwa ngati ali ndi mawu, anatsokomola n'kunena kuti:

"Ine lamuloli ndinkalidziwa kale. Ndinkangofuna kuona ngati anthu kuno akulitsata."

"Mwaona," anatero Rabeca. "Tsopano pali chimene mwatsala nacho. Munanena pamaso pa mwamuna wanga kuti dimba ili ndi lanu. Nenani pamaso pa anthu awa kuti ndi la yani. Mukatero muzule zimene munakhoma."

A Osvaldo anayang'ana mlembi. Mlembi anayang'ana cholembera chake.

"Dimba ndi la mayi Rabeca," anatero motsitsa.

"Agogo awa samva bwino," anatero Augusto.

"Dimba ndi la mayi Rabeca!"

Kenako analowa m'matope n'kuyamba kuzula zikhomo chimodzi chimodzi. Anali atazikhoma mwamphamvu, choncho ntchitoyo inatenga nthawi. Palibe amene anawathandiza, komanso palibe amene anachoka. Chomaliza chitazuka, mlembi anawerenga zimene analemba, mboni zinadinda zala, ndipo amayi okalamba analuluta.

Mvula yoyamba inagwa patatha milungu iwiri. Inapeza Rabeca ndi Augusto ali m'dimba, mbewu ili m'manja. Za ku esiteti ya fodya sizinatchulidwenso, ndipo Augusto masiku ano amati sanazinenepo.

Abale, banja ili linatsala pang'ono kusiya dimba lawo chifukwa cha lamulo limene sanalimve ndi makutu awo, ndi deputado amene sanamuonepo. Deputado ndi wantchito wa anthu amene anavota. Simufunika mkhalapakati kapena mphatso kuti mulankhule naye. Akabwera kwanu, pitani kumsonkhano. Mufunseni zimene analankhula, mmene anavotera, ndi zimene zinamukanika. Pemphani kuti lamulo liwerengedwe pagulu m'chilankhulo chimene mumamva. Wina akakuuzani kuti "deputado wanena," mufunseni kuti deputado uti, ananena liti, ndipo zalembedwa pati. Mukaona wayamba kuyang'ana kumwamba, tengani khasu lanu muzikalima.