Dzina Lolembedwa ndi Pensulo

Kapu ya tiyi inali isanafike pakamwa pa a Davison Manda pamene mawu a mwana wawo Lusizi anamveka kuseri kwa nyumba.

"Mwayuka uli nonse a kwathu, kulikonse kumene muli. Ndine Lusizi wa ku Kande. Lero ndi Lachisanu, ndipo ndili ndi mlendo."

Lusizi anali ataikidwa m'manda Lachiwiri.

A Manda anabweza kapu pa kambale kake mosamala kuti isalire. Anaimirira, namanga batani la jekete, nazungulira nyumba. Pansi pa mtengo wa mango panali amayi asanu a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, amene anatsalira kuti akhale ndi anamfedwa. Mmodzi mwa iwo, Mayi Margaret, anali kulimbana ndi foni yawo ngati munthu wogwira nkhuku yofuna kuthawa.

"Pepani, Ada," anatero mayiwo foni itatonthola, akuwatchula a Manda bambo m'Chitonga. "Inandiuza kuti patsamba la malemu pabwera zatsopano, ndiye chala changogunda."

"Zabwera kuchokera kwa yani?"

Amayi onse anayang'ana pansi.

A Manda anali mphunzitsi wamkulu kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo pa zaka zonsezo sanakwezepo mawu. Sanawakwezenso tsiku limenelo. Anathokoza amayiwo chifukwa cha kupirira kwawo, nabwerera pakhonde, natuma kuti aitane anthu awiri: Doreen, mng'ono wake wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Lilongwe, ndi Wyson, mkamwini wawo.

Malonda a Lusizi anali odziwika. Ankagula ufa wa kondowole kwa amayi a m'midzi ya Kande ndi usipa wouma kwa asodzi a ku Sanga, n'kumatumiza pa basi kwa Atonga okhala m'mizinda. Sitolo analibe. Anali ndi tsamba pa Fesibuku lotchedwa Dengu la Lusizi, ndipo ogula onse ankamupeza pamenepo. A Manda sanakondwere nazo kuyambira pachiyambi. Malonda ali ndi malo ake, ndiwo msika. Mwana wamkazi wa mkulu wa mpingo sayenera kumayenda m'matumba a anthu osawadziwa. Ananena zimenezi kamodzi, ndipo sanaone chifukwa chobwerezera. Tsambalo sanaliyang'anepo.

Wyson anafika nakhala pansi, kumapeto kwa khonde. Anali wa ku Mulanje. Anabwera kunyanja kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito yokama mitengo ya labala. Chitonga chake chinali chotsimphina, choncho iye ndi apongozi ake ankalankhulana m'Chichewa, nthawi zochepa zimene ankalankhulana.

"A Wyson, mkazi wanu tinamuika Lachiwiri. Ndani akulankhula m'mafoni a anthu?"

"Ndi iyeyo, Bambo. Anakonzeratu asanapite kuchipatala ku Mzuzu. Anatchera zinthu za masabata asanu ndi limodzi kuti zizituluka zokha. Lolemba chithunzi cha katundu, Lachitatu nkhani yolemba, Lachisanu mawu ocheza ndi mlendo. Ankati opaleshoni ndi ya masiku ochepa, makasitomala asaone ngati pakhomo palibe munthu."

"Ndiye kuti Lachitatu, ife tili pa mphasa, iye anali kuitanira malonda?"

"Nkhani ya kaviikidwe ka chinangwa, Bambo. Mitengo inali kumapeto."

"Mitengo inali kumapeto," anabwereza a Manda pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi yankho lolakwa la mwana wa Sitandade 8. "Pakhomo pa maliro sipagulitsidwa ngakhale mchere. Mwana wanga wasanduka nkhani ya pachitsime, ndipo inu mwangokhala."

Doreen ndiye analankhula, akukonza chitenje pamaondo.

"Ada, foni sidziwa maliro. Njira zilipo ziwiri. Tikhoza kuimitsa zimene zatsalazo chimodzichimodzi, kapena kufufuta tsamba lonse."

"Fufutani lonse."

Pamenepo Wyson anadzutsa mutu. "Mawu ake onse ali mmenemo, Bambo. Foni yake inali yodzaza, ndiye akatumiza ankafufuta. Tsamba likapita, palibe kwina kumene ndingakamumve."

"Akufa samvedwa, a Wyson. Amakumbukiridwa."

"Inu munakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Ine khumi zokha."

Mawu amenewo anali osayenera kwa mkamwini, ndipo Wyson anadziwa, anaweramanso. A Manda anawalola kuti adutse. Anatembenukira kwa Doreen namufunsa chimene chinkafunika kuti ntchitoyo ichitike asanabwerere ku Lilongwe Lamulungu.

"Mawu achinsinsi otsegulira tsamba. Achemwali ankalemba zonse m'kope lawo lakuda. Lili m'nyumba ya katundu."

"Katengeni, a Wyson."

"Sindinalowemo chimwalirireni, Bambo. Ndayesa kawiri. Ndimabwerera pakhomo."

"Ndipita ndine," anatero Doreen.

"Khala. Ndalamula ndine, ndikatenga ndine."

Nyumba ya katundu inali mapazi makumi anayi kuchokera pakhonde lawo, koma pa zaka zitatu a Manda anali asanaipondepo. Munali fungo lowawasa la ufa wa chinangwa. Matumba anasanjidwa kukhoma, lililonse ndi kapepala ka dzina la mayi amene anasinja. Pakona anakhomapo mabulangete akale awiri kuti mawu asamamveke ngati a m'chidebe. Pakona pomwepo panali mpando wa ndalema, ndipo patsogolo pake mphasa. Kope lakuda linali pa shelefu, pafupi ndi kaphukusi kokutidwa ndi nyuzipepala.

Anafuna kungolitenga n'kutuluka. Koma munthu amene wachonga makope moyo wake wonse salinyamula kope osalitsegula.

Kumanzere kwa tsamba kunali mzere wofiira, wojambulidwa ndi rula. Deti linali kumanja, lodulidwa mizere iwiri kunsi. Tsamba linagawidwa m'zigawo zisanu: Sabata, Tsiku, Mutu, Cholinga, Ndemanga. A Manda anakhala pa thumba la ufa, osasamala za buluku lawo lakuda. Imeneyi inali sikimu, ndondomeko ya ntchito ya mphunzitsi, yojambulidwa monga momwe iwo ankajambulira zawo. Lusizi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndiye ankawagwirira rula Loweruka masana, lilime lili panja chifukwa cha kusamala.

Anawerenga chigawo cha ndemanga. "Chithunzi chinada, anthu sanayankhe. Kujambula m'mawa." Pena: "A Yohane Longwe, osema mabwato. Anthu ambiri anamvera mpaka kumapeto. A ku Joni afunsa usipa." Penanso: "Ndinalankhula kwambiri ine. Mlendo ndiye alankhule." Pa Lamulungu lililonse panali mawu amodzi okha: "Chete."

Zonse zinalembedwa ndi inki. Koma pa Lachisanu lomaliza la mwezi uliwonse pepala linali lokwechesuka, ndipo pansi pa dzina la mlendo pankaoneka mthunzi wa mawu ena ofufutidwa. A Manda anatembenuzira kope kukuwala kwa pakhomo. Mwezi ndi mwezi mthunziwo unali umodzimodzi. Ndemanga zake zinali zazifupi. "Anakana. Kufunsanso." "Anakana." "Sindinafunse, anali ndi chifuwa." "Anakana, koma anafunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji."

Anatsegula tsamba la mwezi uno. Pa Lachisanu la sabata yamawa mawuwo anali asanafufutidwe, olembedwa ndi pensulo, mopepuka: "Ada. Kalandiridwe ka mlendo."

Dzina lofufutidwa mwezi ndi mwezi linali lawo, mlendo amene Lusizi ankamufuna. Anakumbukira. Kumapeto kwa mwezi uliwonse Lusizi ankabwera pakhonde, n'kugwada, n'kuyamba ndi kufunsa za miyendo yawo. Iwo ankamudula asanafike pa mutu. "Nkhani ija tinamaliza, Lusizi." Iye ankati yewo, n'kutenga kapu yopanda kanthu, n'kumapita. Sanaganizepo kuti akachoka pamenepo ankapita kukafuna labala yofufutira.

Anakhala nthawi yaitali pa thumba paja. Kunja amayi anali atayamba nyimbo, motsitsa mawu. M'nyumba yaikulu ija, mkazi wawo atamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, munthu yekhayo amene ankawafunsa kanthu anali ameneyu, ndipo ankangowafunsa chinthu chimodzi.

Atabwerera pakhonde anapereka kope kwa Doreen. Doreen anapeza mawu achinsinsi kuchikuto, natsegula tsamba pa foni ya malemu. Wyson anayang'ana kumbali, kumunda wa chinangwa.

"Ndidinde pofufuta, Ada?"

"Kanambala kofiirako n'kachiyani?"

"Mauthenga osayankhidwa. Makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu."

"Werenga umodzi."

Doreen anawerenga. "Mwayuka uli, Lusizi. Ndine Khumbo wa ku Ndirande. Moni wanga wa Lachitatu sunayankhidwe, si khalidwe lanu. Kodi muli bwino?" Anapitirira pa wina. "Uwu ndi wa mayi wina wa ku Joni. Akuti amva mphekesera, koma m'mawa uno amva mawu ake, ndiye sakudziwa choti akhulupirire. Enawa amva, akupepesa."

"Opepesawo wawathokoza ndani?"

"Palibe, Ada."

"Nanga osamvawo wawauza ndani?"

Doreen anayang'ana mlamu wake. Wyson anapukusa mutu.

A Manda anavula magalasi, nawapukuta ndi mpango, nawavalanso. Uthenga wa maliro iwo anautumiza monga mwa mwambo: kwa abale a ku Chintheche, kwa a ku Usisya, kumpingo, kwa makolo a Wyson ku Mulanje. Anali wotsimikiza kuti sanasiye khomo ngakhale limodzi.

"Anthu awa ankapatsana moni ndi mwana wanga m'mawa uliwonse?"

"Ena kwa zaka zitatu, Bambo," anatero Wyson. "Ankayankha aliyense ndi dzina lake asanamwe tiyi. Ndinkamuseka kuti akuitana mayina ngati m'kalasi."

"Ndiye kuti anthu akhala akuodira pakhomo masiku atatu, ife tili m'nyumba, osawayankha. Ndipo ine ndimati titseke chitseko n'kugwetsa nyumba." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Kulakwa kumeneku n'kwanga. Doreen, imitsa zonse za malonda mpaka masiku a maliro atatha. Usafufute kanthu."

"Ndilembe uthenga ine, Ada? Mizere iwiri ikwana."

"Uthenga wa maliro sulembedwa ndi mwana pamene bambo ake ali moyo. Ndiponso anthu amenewa anazolowera kulankhulidwa ndi pakamwa." Anaimirira. "A Wyson, makinawo mumawadziwa?"

"Ndinkamugwirira foni, Bambo. Koma m'nyumba muja..."

"Tilowa awiri. Ine nditsogola."

Anayenda mapazi makumi anayi aja, nkhalamba patsogolo, mkamwini pambuyo atanyamula foni ya malemu ndi kope lija. Pakhomo Wyson anaima, dzanja lili pa felemu. A Manda sanacheuke ndipo sanamufulumizitse. Anangokhala pa mpando wa ndalema nayamba kukonza tayi. Patapita kanthawi anamva mphasa ikulira.

"Lusizi ankakhala pati?" anafunsa a Manda.

"Pamphasa pano. Ankati wofunsa sakhala pamwamba kuposa wofunsidwa. Ngakhale mlendo akhale mwana."

"Lero tinena za maliro zokha, chifukwa uthenga umenewo sudikira. Nkhani ya mlendo ili ndi tsiku lake. Ndipatseni kope."

Anatulutsa cholembera m'thumba la jekete, natsegula pa Lachisanu la sabata yamawa. Mosamala, kutsata dzanja la mwana wawo chilembo ndi chilembo, anadutsitsa inki pamwamba pa pensulo. Atafika kumapeto kwa mzere anaona kuti m'chigawo cha ndemanga munali kale timawu tating'ono kwambiri, tosatheka kuwerenga ndi maso awo. Anapereka kope kwa Wyson.

Wyson anawerenga chamumtima poyamba, kenako mokweza. "Akavomera, tiyi kaye. Osawafulumizitsa."

Anaika foni pansi. Anaimirira, natenga kaphukusi kaja pa shelefu, namasula nyuzipepala. Munali kapu yoyera ndi kambale kake, zatsopano, kapepala ka kusitolo kakadali kunsi. Anaipukuta ndi m'mphepete mwa malaya ake, natuluka nayo kupita kumoto.

A Manda anatsala okha pakati pa matumba a ufa, manja ali pamaondo, akudikira.