Foni ya Malemu

Amake mapasa anali telala, ndipo shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wogulitsa utoto. Amuna awo atamwalira, anthu ankawayamikira kuti ndi olimba mtima. Chimene anthuwo sankadziwa n'chakuti masana alionse, makasitomala akatha phazi, mayiwa ankatulutsa foni n'kulembera malemuwo uthenga. Nambala sanaifufute. Ankangowauza zapakhomo, kuti denga layamba kudontha, kuti mmodzi wa mapasa wapeza ntchito, kuti chilonda chapaphazi chija sichikupola. Yankho sankaliyembekezera. Anatero zaka ziwiri.

Chilondacho chinayamba ngati katuza ka nsapato, koma chinafika powaletsa kupalasa makina osokera. Akulu awo obadwa nawo, mayi okonda mapemphero amenenso ankaona dzanja la munthu pa tsoka lililonse, anali atagamula kale kuti chilonda chotere si cha kuchipatala.

Lachinayi lina masana akuluwo anakhala pabenchi mushopumo akusankha mabatani. Mkamwini wa amake mapasa, mphunzitsi wa sayansi, anaima pampando kuti apongozi ake amupindire thalauza. Ameneyu ankaseka aliyense wotchula mizukwa, amvekere amenewo ndi maloto a munthu wogona ndi njala.

Foni inalira pathebulo lodulira nsalu, pakati pa sizasi ndi choko. Onse atatu anaona mawu amene anawala pagalasi: Abambo akunyumba.

Mabatani anamwazika pansi.

"Mayo ine! Abwera!" anakuwa akulu aja. "Foni yawo ija si ili m'dirowa kunyumba, yakufa? Usaigwire, mng'ono wanga. Ukangoti halo, wapita!"

"Sizingatheke zimenezo," anatero mphunzitsi, maso ali kudenga. "Palibe akuimba. Ndi alamu chabe."

"Ndiye tandizimitsirani alamuyo, bambo," anatero amake mapasa.

Mphunzitsi anapisa manja m'matumba, nati sayenera kugwira foni ya apongozi.

Foni inaleka, kenaka inayambiranso. Amake mapasa anaiyang'anitsitsa. Sanaope kufa kokha, anaopanso manyazi, poti ndi iwo okha ankadziwa amene anayamba kugogoda pakhomo la akufa. Akulu awo anali atatola kale kansanza kuti aikulunge foniyo akaiponye m'ngalande. Apo m'pamene mayiwa anapsa mtima. Zaka makumi atatu anakhala ndi bambo amene sanawakwezerepo ngakhale mawu.

"Ali moyo sindinkawaopa, ndiye ndiwaope lero?" anatero. Analavula mapini amene anali pakamwa, n'kudina kuti aliyense amve.

"Halo," anatero mawu aamuna.

Akulu aja anatulukira pakhomo nsapato imodzi itatsalira. Mphunzitsi anatsika pampando osafuna, n'kukhalira bokosi la ulusi.

"Ndani?" anafunsa amake mapasa.

"Pepani mayi, simukundidziwa. Ndine namwino. Nambalayi ndinaigula mwezi wathawu. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, akampani amaigulitsanso. Mauthenga anu akhala akufikira ine. Ndinazindikira kuti mukulankhula ndi munthu amene anatisiya, ndiye ndinkangokhala chete."

Mayiwa anakhala pansi.

"Koma uthenga wadzulo uja wandisowetsa mtendere," anapitiriza namwinoyo. "Mwati chala chayamba kuda, ndiponso ludzu silikukuthani. Munayezetsapo shuga?"

"Ayi. Akuti chilondachi n'choponyeredwa."

"Woponyayo timusiye kaye, mayi. Bwerani kuchipatala lero lomwe, phazilo tikadalipulumutsa. Mukafika imbani nambala yomweyi, ndikuchingamirani pageti."

Amake mapasa anavundikira makina, natenga chikwama ndi loko. Panja anapeza akulu awo atasonkhanitsa kale anthu, akuwauza kuti malemu alankhula.

"Alankhuladi," anatero mayiwa akukhoma chitseko. "Akuti ndipite kuchipatala. Inu aphunzitsi, kaitaneni galimoto. Alamu yanu ija yatithandiza."

Anthu anaseka, ndipo mphunzitsi anathamanga mwendo umodzi wa thalauza uli wopinda, wina ukukhwekhwereza pansi.

Kuchipatala anawapeza ndi shuga wokwera kwambiri, ndipo anawagoneka sabata ziwiri. Dokotala anati akanachedwa masiku ochepa akanadula phazi lonse, koma sanadule ngakhale chala. Namwino uja, bambo wamfupi wa dazi, ankadutsa m'mawa uliwonse kudzawafunsa ngati denga lija analikonza.

Mphunzitsi anayamba kuuza anthu kuti iye anadziwiratu kuti nambala inagulitsidwa. Akulu aja ankati mzimu wa malemu ndiwo unalowa mwa namwino. Amake mapasa sanatsutsane ndi aliyense. Phazi litapola anabwerera pamakina, napalasa tsiku lonse mpaka mpukutu wa nsalu za yunifolomu unatha.

Mwezi wotsatira anayenda shopu ndi shopu mumsewu wawo, kukokera amayi anzawo kokayezetsa. Anapita khumi ndi mmodzi, ndipo atatu anawapeza ndi shuga. Akulu awo anakana mpaka pageti pachipatala, ati magazi awo sapatsa munthu wamba. Amake mapasa anawagwira dzanja n'kuwaika patsogolo penipeni pa mzere.